Zolemba za ntchito yodzutsa mahausi pasukulu yathu ya atsikana

Sabata yoyamba ya teremu

Ahedi avomera kuti chaka chino tidzutse mahausi. Ntchitoyi yagwera ine, aphunzitsi a masewera ndi amatironi. Ndizilemba muno momwe zikuyendera kuti aphunzitsi anzanga azitsatira, komanso kuti amene adzalandire ntchitoyi m'tsogolo adzakhale ndi pogwira.

Mahausi alipo anayi kuyambira kale: yofiira, yobiriwira, yachikasu ndi yabuluu. Vuto ndi loti amakumbukika tsiku limodzi lokha pachaka, tsiku la masewera. Likangodutsa, chikho chimabwerera mu ofesi ya ahedi, mbendera zimapindidwa, basi mpaka chaka chamawa. Nditafunsa atsikana a m'kalasi langa kuti hausi yawo amaiona bwanji, mmodzi anayankha mosapsatira: "Madamu, zamahausi ndi za anthu othamanga. Ifeyo timangokhala pamthunzi n'kumaonerera." Anzake anagwedezera mitu kuvomereza. Yankho limeneli ndi lomwe ndikufuna kuti pofika kumapeto kwa chaka likhale litasintha.

Dongosolo la mahausi linayambira m'sukulu zogonera komweko za ku England. Ana ankagona m'nyumba zosiyanasiyana, iliyonse ili ndi mphunzitsi wake woilera, ndipo mwana ankakulira m'nyumba imodzimodziyo mpaka kumaliza sukulu. Choyamba chinali chisamaliro: mwana akhale ndi anthu ake pakati pa chigulu cha sukulu yaikulu. Mipikisano inabwera pamwamba pa zimenezo. Dongosololi litafalikira m'mayiko ena, ngakhale m'sukulu zoyendera, ambiri tinatolapo mpikisano wokha, chisamaliro chija n'kuchisiya m'mbuyo. Ndikufuna tikachitole.

Sabata yachiwiri

Tagawa ana a Fomu 1. Sitinalole kuti makaputeni asankhe okha, chifukwa akadalimbirana aatali ndi odziwika kuti ankathamanga kupulayimale, ena n'kutsala ngati osafunika tsiku loyamba lomwe. Tachita maere kalasi ndi kalasi kuti hausi iliyonse ilandire chiwerengero chofanana. Amene ali ndi akulu awo pasukulu pano alowa m'hausi ya akulu awowo. Mphunzitsi aliyense nayenso wapatsidwa hausi, kupatula ahedi ndi ine, popeza ndine wosunga mapointi.

Mphunzitsi wina anadandaula kuti ana ogawidwa ndi maere sangakondane, poti palibe chowagwirizanitsa. Apa ndilibe nkhawa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, katswiri wa maganizo a anthu Henri Tajfel anachita kafukufuku ndi anyamata a sukulu ku Bristol, ku England. Anawagawa m'magulu pa zifukwa zopanda pake, monga momwe ankaganizira kuchuluka kwa timadontho pa chithunzi, ndipo ngakhale sankadziwa n'komwe kuti m'gulu mwawo muli ndani, pogawa mphotho ankakondera gulu lawo. Mtima wa "ife" umamera wokha, sufuna feteleza. Chofuna maso athu ndi komwe mtimawo ulowere ukamera.

Amatironi ayambitsa zoti mwana aliyense wa Fomu 1 akhale ndi mkulu wake wa Fomu 3 wa m'hausi yomweyo. Tasankha a Fomu 3 chifukwa a Fomu 4 mitu yawo ili kumayeso, komanso chaka chamawa adzakhala atapita. Amatironi anawauza mosazungulira: "Atsikana inu, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwanayu akadwala, mukhale oyamba kudziwa ndinu. Ndikamva kuti mwamusandutsa wantchito wanu wochapa, tionana."

Sabata yachitatu

Atsikana anapempha kuti hausi iliyonse ikhale ndi mayi wodziwika amene azimutenga ngati chitsanzo. Mayina a mitundu akhalabe, koma hausi iliyonse yasankha ndipo yafotokoza pa asembule chifukwa chake. Obiriwira sanavutike: atenga Wangari Maathai wa ku Kenya, amene anayambitsa bungwe lodzala mitengo la Green Belt Movement mu 1977 n'kukhala mayi woyamba wa mu Africa kulandira mphotho ya Nobel ya mtendere mu 2004. Abuluu atenga Marie Curie, amene analandira Nobel kawiri, mu 1903 ndi mu 1911, m'nthambi ziwiri zosiyana za sayansi. Achikasu atenga Ellen Johnson Sirleaf, mayi woyamba kusankhidwa pa mavoti kukhala mtsogoleri wa dziko mu Africa, amene anayamba kulamulira Liberia mu 2006. Ofiira anakangana masiku angapo, kenako anagwirizana pa Wilma Rudolph, katswiri wothamanga wa ku America. Mtsikana amene anamufotokoza sanayambe ndi mamendulo atatu agolide a pa masewera a Olympics a ku Rome mu 1960. Anayamba ndi zoti Wilma ali mwana anadwala poliyo ndipo ankayenda ndi chitsulo chothandizira mwendo. Holo yonse inangoti zii.

Sabata yachinayi: nkhani ya mapointi

Apa ndi pomwe pagona ntchito yonse, ndipo msonkhano wa aphunzitsi unatenga nthawi yaitali. Ndilemba mwatsatanetsatane.

Aphunzitsi a masewera anabwera ndi maganizo oti theka la mapointi a chaka lizichokera ku tsiku la masewera, poti ndi lomwe limadzutsa sukulu yonse. Sakunama, tsikulo limadzutsadi sukulu. Koma ana si opusa. Amawerenga bolodi la mapointi kuposa momwe amamvera zolankhula zathu pa asembule. Tikanena kuti aliyense ndi wofunika pomwe bolodi likuonetsa kuti liwiro la mtsikana mmodzi likuposa ntchito ya kwaya yonse, akhulupirira bolodi. Choncho ndinalimbikira kuti mpikisano uliwonse ukhale ndi mtengo wofanana. Tagwirizana kuti woyamba azipeza mapointi 4, wachiwiri 3, wachitatu 2, wotsiriza 1, kaya ndi ntchemberembaye, mtsutso, mafunso, kwaya, zisudzo kapena ukhondo wa m'mahositelo. Tsiku la masewera lokha liziwerengedwa kawiri, poti muli mipikisano yambiri. Pamenepa ndinalolera, ndipo ndikuona kuti n'chilungamo.

Chachiwiri: mtsikana aliyense amene waimirira hausi yake koyamba m'chaka, pa chilichonse, akubweretsa pointi imodzi. Izi zikusintha ntchito ya kaputeni. Kale ankangofuna akatswiri asanu kapena asanu ndi mmodzi oti aziwagwiritsa ntchito paliponse. Tsopano ayenera kuyenda m'hositelo kufunafuna amene sanachitepo kanthu, kudziwa dzina lake, n'kumufunsa zomwe amatha.

Chachitatu chinavuta kwambiri. Aphunzitsi angapo ankafuna kuti mwana akalakwa, monga kuchedwa kapena kuchita phokoso nthawi yowerenga, hausi yake izichotseredwa mapointi. Akuti anzake azimuwongola okha. Ndinakana, ndipo ndikanabe. Njira imeneyi imagwiradi ntchito, koma imagwira chifukwa cha mantha. Mwana mmodzi amasanduka mdani wa anzake ambirimbiri amene amagona nawo chipinda chimodzi, ndipo "kuwongola" kwakeko kumachitika usiku, magetsi atazima, ife kulibe. Kawirikawiri mwana wochedwachedwa amakhala ndi vuto lina lomwe sitinalidziwe. Wolakwa alandire chilango chake payekha kuchokera kwa ife aphunzitsi. Pabolodi mapointi azingowonjezeka, asamachoke. Ahedi anamvetsera mbali zonse, kenako anagamula kuti tiyese choncho chaka chino.

Chachinayi, za m'kalasi. Sitiwerenga amene wakhala nambala wani. Tiziwerenga amene akwera poyerekeza ndi mayeso awo apitawo. Mwana wochoka pa kulephera kufika pa kukhoza wagwira ntchito yaikulu, ndipo hausi yake iyenera kumuimbira m'manja.

Bolodi tapachika pakhonde lolowera kuholo. Ndizilemba Lachisanu lililonse, ndi chifukwa cha pointi iliyonse pambali pake, kuti pasakhale manong'onong'o oti Madamu akukondera.

Sabata yachisanu ndi chimodzi

Ntchemberembaye yayamba. Mahausi anayi, aliyense kukumana ndi mnzake kamodzi, ndi masewera 6. Koma timu imalowetsa osewera 7 okha, ndiye tapanga matimu awiri pa hausi, ya akuluakulu ndi ya a Fomu 1 ndi 2, ndipo mapointi awo ndi ofanana. Masewera onse akhala 12. Malamulo amati zigawo zinayi za mphindi 15, koma kwa aang'ono tafupikitsa kufika mphindi 10 kuti nthawi ya madzulo itikwanire.

Tayezanso bwalo, mamita 30.5 m'litali ndi 15.25 m'lifupi, ndipo tapeza kuti golo limodzi linapendekeka moti silinkafika mamita 3.05. Lakonzedwa. Oimbira ndi awiri pa masewera aliwonse, ndipo palibe mphunzitsi woimbira hausi yake. Tisanayambe tinasonkhanitsa onse, osewera ndi ochemerera omwe, n'kubwereza malamulo atatu amene amabweretsa mikangano: kusunga mpira kosapitirira masekondi atatu, kusayenda ndi mpira, ndi kutchinga utatalikira mamita 0.9. Wochemerera wodziwa lamulo sakuwiza woimbira mwachisawawa.

Ndasangalala ndi timu ya aang'ono ya Achikasu. Alibe wamtali ndi mmodzi yemwe, koma amapatsirana mpira mwachangu moti otchinga amangotsala akuzungulira.

Sabata yachisanu ndi chiwiri

Sabata yolemera. Mtima wa hausi wamera monga ndinkayembekezera, ndipo waonetsanso minga yake.

Pa masewera a Ofiira ndi Abuluu, ochemerera anayamba nyimbo yonyoza thupi la mtsikana wina wa timu inayo. Madzulo ake mbendera ya Abuluu inapezeka itang'ambidwa. Koma chomwe chandipweteka koposa chachitika m'kati mwa hausi imodzi. Womwetsa zigoli wa timu ya aang'ono anaphonya mpira womaliza, timu n'kugonja ndi chigoli chimodzi, ndipo anzake omwe anasiya kumulankhula. Mkulu wake wa Fomu 3 ndi amene anabwera kudzandiuza: "Madamu, mwana uja akungolira, akuti sadzaseweranso." Apa dongosolo la amatironi latithandiza, chifukwa popanda mkuluyu sitikadadziwa msanga.

Zoterezi si zachilendo. Mu 1954, pochita kafukufuku, Muzafer Sherif ndi anzake anatengera anyamata 22 kumsasa wa Robbers Cave ku Oklahoma, m'dziko la America, n'kuwagawa m'magulu awiri opikisana. Posakhalitsa anayamba kutukwanizana, gulu lina mpaka linatentha mbendera ya linzake. Kungowaika pamodzi sikunathetse udaniwo. Unayamba kuzilala pomwe anakumana ndi mavuto ofuna magulu onse awiri, monga kukonza madzi omwe anasiya kufika kumsasa ndi kukoka galimoto yomwe inakana kulira. Anali anyamata, ndipo anali ochepa, choncho sindikunena kuti zonse zikufanana ndi zathu. Koma mfundo yake ndikuiona ndi maso pano.

Zomwe tachita ndi izi. Ndinaitana makaputeni anayi onse pamodzi, osati wa hausi yolakwa yekha. Sindinawalalatire. Ndinawafunsa kuti nyimbo ija akadaimbiridwa mng'ono wawo akadamva bwanji. Agwirizana okha kuti nyimbo zizitamanda hausi yawo, zisamatchule munthu wa mbali ina, ndipo kuti nyimbo yatsopano iliyonse azimva kaye onse anayi. Mbendera asoka atsikana a mahausi awiri aja atakhala pamodzi. Ntchito yokonza bwalo la tsiku la masewera, yomwe kale inkagawidwa hausi ndi hausi, tsopano igwiridwa ndi magulu osakaniza mitundu yonse. Mapointi sitinachotse, ngakhale ena anabweranso ndi pempholo.

Mwana wophonya uja ndinacheza naye pamodzi ndi kaputeni wake. Kaputeniyo anamuuza pamaso panga kuti zigoli zina zonse za tsikulo anamwetsa ndi iyeyo, ndipo kuti Lachitatu alowanso. Analowadi. Manja ankanjenjemera poyamba, koma anasewera mpaka kumapeto.

Sabata yachisanu ndi chitatu

Mtsutso ndi mafunso zachitika Loweruka. Mutu wa ndime yomaliza unali woti mafoni aziloledwa kapena ayi m'sukulu zogonera komweko. Obiriwira apambana chifukwa cha mtsikana wa Fomu 2 amene aphunzitsi ambiri sitinkadziwa ngakhale mawu ake. Kaputeni anamupeza chifukwa chofunafuna pointi ya oyamba kumene ija. Atamaliza kulankhula, hausi yonse inamunyamula m'mwamba monga amachitira ndi othamanga. Aphunzitsi a masewera anandiyandikira n'kunena chapansipansi kuti, "Madamu, bolodi lanu lija layamba kugwira."

Pa mafunso ndaona kuti a Fomu 4 ankayankha okha. Ulendo wina tebulo lililonse lidzakhale ndi mmodzi wa fomu iliyonse, ndi gawo la mafunso loti oyankha ndi aang'ono okha.

Sabata yachisanu ndi chinayi: kukonzekera tsiku la masewera

Mndandanda wa mipikisano wabweretsa mkangano wina. Panali maganizo oti tilekeze pa mamita 400, poti atsikana "amakomoka" pa mitunda yaitali. Maganizowa ndi akale. Pa masewera a Olympics a ku Amsterdam mu 1928 amayi anathamanga mamita 800, ndipo zitamveka kuti ena anafika atatheratu, mpikisanowo unachotsedwa mpaka 1960. Marathon ya amayi inalowa mu 1984 ku Los Angeles. Mu 1992 ku Barcelona, Derartu Tulu wa ku Ethiopia anapambana mamita 10,000. Chomwe chimagwetsa mwana pa mamita 800 ndi kusakonzekera, kuyamba ndi liwiro lonse, ndi kutentha kwa dzuwa. Ndiye mamita 800 ndi 1,500 alipo, achitika m'mawa kusanatenthe, madzi akumwa akhala pafupi, ndipo olowa okhawo amene akhala akuchita nawo zokonzekera.

Palinso nkhani yomwe siitchulidwa pamsonkhano koma imachotsa atsikana ambiri pabwalo: msambo. Amatironi ndi amene anaitulutsa. Ana ena amanamizira mutu kapena mwendo pomwe chenicheni ndi mantha oti angadetse chovala pamaso pa sukulu yonse. Mantha amenewa ali ndi akatswiri omwe. Ku mpikisano wa tenisi wa Wimbledon, komwe lamulo la zovala zoyera ndi lakalekale, kuyambira 2023 amayi akuloledwa kuvala kabudula wam'kati wa mtundu wakuda. Ifenso tagamula kuti mtundu wa hausi ukhale pa malaya okha, kumunsi aliyense avale chakuda. Chipinda chimodzi pafupi ndi bwalo chikhala cha amatironi, muli mapadi, madzi ndi posinthira. Kaputeni asakakamize mwana amene wanena kuti sali bwino, ndipo asamufunse chifukwa pagulu.

Lamulo lina: mtsikana mmodzi asapitirire mipikisano iwiri ya payekha ndi umodzi wopatsirana kamtengo. Makaputeni a mahausi okhala ndi akatswiri anadandaula. Ndawamvetsa, koma lamulo likhala.

Bwalo tayeza ndi tepi kuti kuzungulira kamodzi kukwane mamita 400, njira iliyonse mamita 1.22 m'lifupi. Ana ambiri ankaona ngati wa njira yakunja akuberedwa kapena akukonderedwa poyambira kutsogolo. Aphunzitsi a masamu anatenga kalasi lawo n'kukawerengera pabwalo pomwepo, ana n'kudzipezera okha kuti njira iliyonse yakunja imatalika ndi mamita oposa 7 pa kuzungulira kumodzi. Pa mpikisano wa anthu anayi wa mamita 100 aliyense, malo opatsirana kamtengo ndi mamita 30, ndipo tawalemba ndi laimu. Ndawauza makaputeni kuti mpikisano umenewu amapambana ndi odziwa kupatsirana. Timu ya othamanga pang'ono yomwe kamtengo sikaima imatha kuposa akatswiri anayi osazolowerana.

Tawonjezeranso kukokana chingwe ndi mpikisano wopatsirana wa anthu ambiri, woti fomu iliyonse ilowetse amene sanalowe china chilichonse. Olemba nthawi, okonza malo, othandiza ovulala ndi otsogolera nyimbo akuwerengedwa ngati oimirira hausi.

Sabata yakhumi

Tsiku la masewera ladutsa bwino. Palibe amene wavulala kwambiri, ndipo onse amene anayamba mamita 1,500 anamaliza. Wotsiriza anatsala yekha kuzungulira komaliza, ndipo atsikana a mahausi onse anaimirira m'mbali mwa bwalo kumuchemerera mpaka pamzere. Sitinawauze kutero.

Ofiira atenga tsikuli, monga ambiri ankayembekezera. Achikasu apambana mpikisano wa kamtengo ngakhale analibe ndi mmodzi yemwe m'ndime yomaliza ya mamita 100. Koma pabolodi la chaka Ofiira sali patsogolo: Obiriwira akutsogola pang'ono chifukwa cha mtsutso, ukhondo ndi kuchuluka kwa oimirira koyamba. Ena mwa othamanga zawawawa, ndipo mmodzi anandifunsa kuti, "Madamu, ndiye thukuta lathu lapita pachabe?" Funso lake ndi lomveka ndipo sindikufuna kulipeputsa, chifukwa atsikanawa akhala akudzuka m'mamawa kukathamanga pomwe anzawo ali m'tulo. Ndapempha ahedi kuti zikho zikhale ziwiri: cha tsiku la masewera, choperekedwa tsiku lomwelo, ndi chachikulu cha chaka chonse. Avomera.

Nyimbo zonyoza sizinamvekenso pabwalo, ngakhale amatironi akuti m'hositelo imodzi mawu opweteka akadalipo pakati pa mahausi awiri aja. Tikhala tikuyang'anira.

Zotsala teremu ikubwerayi: kwaya, zisudzo, volleyball ya osewera 6 mbali iliyonse, ndi chionetsero cha sayansi chomwe Abuluu apempha. Neti ya volleyball ikufunika kukonza kuti ifike mamita 2.24, muyezo wa amayi. Masankho a makaputeni atsopano achitike a Fomu 4 asanalowe m'mayeso, kuti akale awaphunzitse ntchito akadali pano.

Ndadutsa m'kaundula wa sukulu yonse dzina ndi dzina, kuchonga aliyense amene waimirirapo hausi yake teremu ino. Osachongedwa atsala ochepa kuposa momwe ndinkaganizira, koma alipo, ndipo ambiri mwa iwo ndi a Fomu 2, omwe alibe akulu owayang'anira ngati a Fomu 1. Awiri ali ndi vuto la kuyenda, mmodzi samva bwino. Mayina ndawagawa kwa aphunzitsi a hausi iliyonse, osati kwa makaputeni, kuti ana asamve ngati akusakidwa chifukwa cha pointi. Aliyense acheze naye payekha, amve zomwe amakonda ndi zomwe zimamuletsa. Tikumana Lachinayi loyamba sukulu ikatsegulira kuti mndandanda wa mipikisano ya teremu yachiwiri tiukonze potengera mayankho awo.